Mdani wa m'Injini ya a Saidi

Ana anga amandiletsa kukamba nkhani iyi pakakhala alendo, makamaka apongozi. Koma ndaona kuti anthu ena akamaikamba amawonjezera zawo, ndiye bola ndiikambe ndekha, mwini manyazi. Poseka muziseka mondimvera chisoni, ndine munthu wamkulu tsopano.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Ine ndinali makaniko ku Khombedza, chakumunsi, njira yolowera kunyanja. Galaja yanga inali mthunzi wa mango kuseri kwa nyumba, bokosi limodzi la zitsulo, ndi pakamwa. Dzina langa ndi Wadisoni, koma ndinkafuna anthu azinditchula kuti Injiniya. Wonditchula Wadisoni ndinkamuyankha mochedwa.

Chimene chinandikweza mapewa chinali geji yoyezera kompuresheni, imene alamu anga anandibweretsera pochokera ku Joni. Kompuresheni ndi mphamvu ija pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo m'silinda moto usanayake. Ikachepa, galimoto imayenda ngati munthu wodzuka kumene pa malungo.

Amakaniko anzanga ankayeza ndi chala. Ankachotsa pulagi, kutseka bowolo ndi chala chachikulu, wina n'kuzungulitsa injini. Chala chikakankhidwa, ankati zili bwino. Ine ayi. Ine ndinali ndi kawotchi ka singano, mbali ina yofiira, mbali ina yobiriwira, kogona m'kabokosi kakekake. Dandaulo langa linali limodzi: chiibweretsereni, gejiyo inali isanagwirepo ntchito pamaso pa anthu.

Mwayi unandipeza Lachisanu lina m'nyengo ya mwera.

A Saidi, mkulu wina wachisilamu wa kunyanja wogulitsa usipa wouma, anali ndi lole yakale ya masilinda sikisi, yoti utoto wake woyamba palibe amene ankaukumbukira. Lole imeneyo ndi imene inasankhidwa kuti Loweruka inyamule amayi a kwathu kupita ku Salima boma, kukavina pa msonkhano waukulu wa chipani. Mkazi wanga Nagama anali m'gulu lomwelo.

Amene munakhalapo masiku amenewo mukudziwa. Amayi a nthambi yanu akalephera kufika ku msonkhano, akuluakulu sankafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ankafunsa kuti wachititsa ndani. Wochititsayo ankatengedwa, ndipo kumene ankapita kunalibe adiresi.

M'mawa umenewo ndinamva kutsokomola kuchokera kumsewu. Kusuzumira, lole ya a Saidi ikubwera, utsi wakuda tolo, wanjinga wonyamula thumba la mpunga akuipitirira. Pa chiwongolero panali a Saidi, pambali pawo a Chimpeni, tcheyamani wa nthambi yathu, munthu wamfupi wothamanga mtima. Kunja kukuzizira koma iwo thukuta lili kamukamu.

A tcheyamani anadumpha lole isanaime bwinobwino.

"Injiniya, tafa. Mawa sikisi koloko amayi akhale ali pamwamba apa. Galimoto ikulephera kachitunda ka pamlatho, ilibe ndi katundu yemwe!"

A Saidi anatsika mwaulemu wawo wa masiku onse, kukonza chisoti, n'kundipatsa moni kaye.

"Mwana wanga, Lolemba lija unanditsukira kabuleta. Kuchokera tsiku limene ndinaitenga pano, galimotoyi ilibe mpweya. Kapena pali chimene chinatsalira?"

Ndinaseka. Ine mwana wa dzulodzulo, kuseka munthu wa imvi.

"A Saidi, kabuleta ndinaitsuka ngati mbale ya mlendo. Iyi si nkhani ya kabuleta. Tamvani mmene injini ikuzungulira mopepuka. Iyi ndi kompuresheni."

"Ndiye n'chiyani chimenecho?" anafunsa a tcheyamani.

"Dikirani muone."

Ndinathamangira m'nyumba mtima ukuvina. Ndinasamba m'manja ndi sopo, chinthu chimene sindinkachita ngakhale popita ku tchalitchi, ndipo ndinatuluka nditanyamula kabokosi kaja ndi manja awiri.

Pofika pa lole ndinapeza anthu adzaza. Amayi anali akukonzekera magule awo pa bwalo la sukulu, ndipo atamva kuti galimoto yawo yadwala anasiya ng'oma n'kubwera onse. Abambo a pamsika nawo anabwera. Ngakhale telala anasiya makina ake. Ndinayang'ana khamulo ndipo mumtima ndinati, Wadisoni, tsiku lako ndi lero.

Injini inali yotentha kale, monga zimafunikira. Ndinazula waya wa moto, n'kuchotsa mapulagi onse sikisi, kuwandanda pa madigadi, pamwamba pa tayala la kutsogolo, mwa dongosolo lake.

"A Saidi, kwerani. Pondani mafuta mpaka pansi. Ndikati tiyeni, dinani sitata."

Ndinakanikiza mphira ya geji pa bowo loyamba.

"Tiyeni."

Injini inazungulira. Singano inadzuka, kukwera pang'ono, n'kuima pakati pa mbali yofiira.

"Nambala wani, yafooka," ndinalengeza ngati mphunzitsi wowerenga zotsatira za mayeso.

Khamu lonse linati, "Aaa."

Nambala thuu, yofiira. Nambala fili, yofiira. Mpaka sikisi, zonse zofiira, ndipo singano ikuima malo amodzimodzi. Silinda iliyonse ikalephera, amayi ankagwira pakamwa, a tcheyamani ankapukuta kumaso, ine ndinkakula. Ndinene zoona: galimoto ya munthu inali kudwala, koma ine ndinali wokondwa kwabasi. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Tsopano tifufuze kumene mphamvu ikuthawira," ndinatero mokweza, kuti a kumbuyo amve. "Makomo ake ndi atatu. Maring'i a pisitoni akatha, imathawira pansi. Gasiketi ya hedi ikapsa, imathawira m'mbali. Mavalavu akapanda kutseka bwino, imathawira pamwamba."

"Ameneyu anaphunzira," anatero mayi wina. Ndinamva, koma ndinachita ngati sindinamve.

Ndinathira oyilo wokwana supuni m'silinda yoyamba. Ndinafotokoza kuti oyilo amamata mpata wa maring'i otha kwa kanthawi, ndiye singano ikakwera tidziwa kuti vuto ndi maring'i. Tinayezanso. Singano inangosuntha pang'ono, ngati ikupatsa moni. Maring'i analibe mlandu.

Ndinatsegula rediyeta. Madzi anali odzaza, oyera. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali wakuda bwinobwino, osati uja wooneka ngati tiyi wamkaka. Gasiketi nayo inalibe mlandu.

Ndinachotsa chivundikiro cha pamwamba n'kuyeza mipata ya matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu, poti ikathina mavalavu satseka. Yonse inali m'malo mwake.

"Basi, zadziwika," ndinatero ndikupukuta geji yanga. "Mavalavu apsa. Tigwetse hedi, tiwapere."

A Saidi anasuzumira pa windo.

"Apsa onse?"

"Onse."

"Tsiku limodzi? Mwana wanga, ine geji sindiidziwa, koma galimotoyi ndakalamba nayo. Valavu imapsa imodzi, silinda imodzi n'kufooka, injini n'kumayenda motsimphina. Koma onse sikisi kufooka mofanana, ngati anachita kupangana?"

Funso limenelo linali labwino. Munthu wanzeru akanati, sindikudziwa, tiyeni tionenso. Koma amayi onse a ku Khombedza anali akundiyang'ana, geji ili m'manja. Ndinatsokomola pang'ono n'kutsitsa mawu.

"N'zoona, a Saidi. Zotere sizichitika zokha. Apa pali dzanja la munthu."

A tcheyamani anachita ngati alumidwa ndi mavu.

"Dzanja la munthu? Pa galimoto yonyamula amayi a chipani?"

"Ine ndangonena zimene geji yanena."

"Ogalukira," ananong'ona, koma kunong'ona kwake kunamveka mpaka kumsika. "Ndinkadziwa ine. Atilowerera."

Zitatero zinthu zinathamanga kuposa lole ya a Saidi. A tcheyamani analemba kakalata n'kupatsira dalaivala wa basi yopita ku boma, kuti ku Khombedza kwapezeka mdani. Anaitanitsa amuna awiri a malaya ofiira, aja oyang'ana makhadi pamsika, ndipo anabwera n'kuima uku ndi uku kwa lole, manja kumbuyo. Analamula kuti pasapezeke wochoka.

Kenaka anandigwira paphewa pamaso pa anthu onse.

"Anthu ngati awa ndi amene dziko likufuna. Injiniya, umboni mungaupeze?"

Apa ndikanatha kubwerera. Koma kuyamikiridwa n'kokoma, abale.

"Injini sinama, a tcheyamani. Ndikaitsegula, chimene munthuyo anachita chioneka poyera. Ndipo munthu woipa mtima chotere, ngakhale atakhala m'bale wanga wa bere limodzi, mum'tenge."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinagwedeza mutu ngati nduna.

A tcheyamani anayamba kuyendayenda, akuyang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi. Kenaka anaima patsogolo pa a Saidi.

"Galimotoyi imagona kuti?"

"Pakhomo panga, kunyanja."

"Amaigwira ndani?"

"Ine ndekha, ndi Injiniyayu."

"Injiniya ndi amene watulukira chiwembuchi, ndiye amenewo achotsenipo. Kapena mwini wake anaona kuti kunyamula amayi n'kutaya tsiku la usipa?"

A Saidi anatuwa milomo.

"Walahi, a tcheyamani, ine zimenezo ayi. Lero n'Lachisanu, sindinganame."

Mtima wanga unagunda pang'ono, poti a Saidi anali munthu wosalakwira ngakhale nkhuku. Koma ndinadziuza kuti injini iweruza yokha, ndipo ndinatenga sipanala.

Kuti ugwetse hedi, chitsulo chovundikira masilinda, umayamba wachotsa za pambali. Ndinachotsa chosefera mpweya. Ndinamasula paipi ya petulo ndi waya wa mafuta. Ndinamasula manati a kabuleta, ija yosakaniza petulo ndi mpweya, kuinyamula, n'kuiika pa thabwa. Pansi pake pali khosi limene mpweya umatsikira popita m'masilinda onse, lija timati manifodi. Ndinasuzumiramo mwa chizolowezi chabe.

Munali chinthu.

"Ndamupeza!" ndinakuwa. "A tcheyamani, bwerani muone!"

Anthu anakankhana. Ndinapinda waya ngati mbedza, kulowetsa, kukola, n'kuyamba kukoka. Chinatuluka pang'onopang'ono, chinsanza chakuda, chonyowa ndi petulo, chokulungana ngati mbewa yakufa.

"Taonani nzeru za mdani," ndinafotokoza, mawu akunjenjemera ndi chisangalalo. "Watseka khosi la injini. Mpweya ukungolowa pang'ono. Ndiye silinda ipanikiza chiyani, poti sinameze kanthu? N'chifukwa chake onse sikisi afooka mofanana. Mavalavu alibe mlandu. Mlandu uli ndi mwini chinsanza ichi."

Ndinachipereka kwa a tcheyamani ndi manja awiri.

Iwo anachigwira ndi nsonga za zala, kuchikutumula kawiri, n'kuchitambasula m'mwamba kuti aliyense aone.

Chinali ndi miyendo iwiri. Chinali ndi lasitiki m'chiuno. Kumbuyo kwake kunali chigamba cha nsalu ya maluwa achikasu.

Anali kabudula wamkati.

Nditaona chigambacho, Lolemba lonse linabwerera m'mutu mwanga. Ndinali nditachotsa kabuleta pamene mwera unakuntha mwadzidzidzi, mchenga uli mbwee. Mchenga ukalowa m'injini ndiye kuti waipha. Ndinathamanga kufuna chotsekera pabowo, ndipo nsalu yoyamba imene dzanja langa linakhudza inali pa mpanda wa kubafa, kumene munthu amayanika zosafunika kuonedwa. Ndinaifinyira pabowo n'kupita kukatsuka kabuleta. Pobwera inali itatsetserekera mkati, ine osakumbukanso, n'kumanga kabuleta pamwamba pake ndikuimba mluzu.



"Abale ndi alongo," anatero a tcheyamani, kabudula ali m'mwamba ngati mbendera, "mdani watisiyira chizindikiro. Mwini wake wa ichi sagona kwawo lero."

"A tcheyamani," ndinatero ndi mawu amene sindinawazindikire, "makabudula otere ndi ambiri. Mwina unangouluka ndi mwera."

"Kuuluka n'kukalowa pansi pa kabuleta yomanga ndi manati? Injiniya, musawamvere chisoni anthu amenewa. Amuna nonse, pangani mzere."

Amuna anandanda. A tcheyamani anayamba kuyeza kabudula m'chiuno mwa aliyense. Wogulitsa nyama anali wonenepa kwambiri, anapulumuka. Telala anali wamfupi, anapulumuka. Ine sanandiike pamzere n'komwe, poti ndinali mboni ya boma. Ndinangoima pa madigadi, sipanala ili m'manja, ndikupemphera kuti nthaka ing'ambike.

Anafika pa a Saidi. Tsoka ilo, a Saidi anali wowonda ngati ine ndemwe. Kabudula anakwana ndendende.

Amuna a malaya ofiira aja anasuntha phazi limodzi kutsogolo. A Saidi anatseka maso, milomo ikuyenda, akutchula dzina la Mulungu.

Apa ndiye pamene ndimachita manyazi enieni. Ndinayenera kulankhula, ndipo ndinkadziwa. Koma pakamwa paja, pamene panalongolola m'mawa wonse osapuma, panauma gwa. Ndinayang'ana m'gulu la amayi ndipo maso anga anakumana ndi a Nagama. Anali akundiyang'ana kalekale, manja m'chiuno. Ndinayesa kumupempha ndi maso, ngakhale sindikudziwa kuti ndinkapempha chiyani.

Nagama anamanganso chitenje chake n'kutuluka pagulu.

"A tcheyamani, pepani, ndilankhuleko. Asiyeni a Saidi apite kukaswali. Kabudulayo ndi wa bambo a kunyumba kwanga."

A tcheyamani anatsitsa kabudula uja.

"Mayi, mukudziwa chimene mukunena?"

"Chigambacho ndinasoka ndine. Nsalu yake ndi yotsala ya diresi la mwana wathu. Ndamufunafuna sabata yonse kabudula ameneyo, mpaka ndinayamba kuganiza kuti abambowa anakamuiwala kunyumba ina. Kani ali m'galimoto."

Mayi wina kumbuyo analephera kupirira, anaphulika. Zitatero gulu lonse linagwa nacho chiseko. Ena anakhala pansi, ena anagwirana mapewa, telala anachita kutsamira mtengo wa mango. Ngakhale mmodzi wa a malaya ofiira anatembenuka kuyang'ana kumsika, mapewa akugwedezeka.

Amene sanaseke ndi a tcheyamani.

"Injiniya. Munanena nokha pano kuti ngakhale atakhala m'bale wanu."

Ndinagwada mumchenga momwemo. Ndinafotokoza za mwera, za mpanda wa kubafa, za mluzu. Ndinatulutsa khadi langa la chipani, la mkazi wanga, mpaka la chaka chatha. Ndinalumbira pa manda a agogo anga onse anayi, awiri mwa iwo ali moyo.

Amene anandipulumutsa ndi munthu yemwe ndinatsala pang'ono kumumangitsa.

"A tcheyamani," anatero a Saidi mofatsa, "mlandu sufulumira. Msonkhano ndi umene ukufulumira. Mwanayu abwezeretse kabuleta, tione ngati galimoto ichire."

Sindinamangepo kabuleta mofulumira chotero moyo wanga wonse. Ndisanaiike ndinasuzumira m'khosi muja katatu, n'kupisamo dzanja, n'kuitana a Saidi kuti nawonso asuzumire. Kenaka ndinatenga geji n'kuikanikiza pa bowo loyamba.

"Tiyeni," ndinatero, mawu ngati a mwanapiye.

Singano inalumpha mpaka mbali yobiriwira. Yachiwiri chimodzimodzi. Zonse sikisi, zobiriwira. Ulendo uno sindinalengeze kanthu. Ndinabwezera mapulagi ndi waya wa moto, a Saidi anadina sitata, ndipo lole inabangula mpaka nkhuku zanga zinathawira kwa aneba. Utsi wa oyilo uja unatuluka kamodzi n'kutha. A Saidi anapita nayo pamlatho, kukwera kachitunda kaja ngati palibe, n'kubwera akumwetulira.

Amayi anayamba kuvina pomwepo. Ine ndinayamba kulongedza zitsulo mwakachetechete, ndikuyang'ana njira ya kuseri kwa nyumba.

"Taimani," anatero a tcheyamani. "Kalata yapita kale ku boma kuti kuno kuli mdani. Mawa akandifunsa. Ndikawauze chiyani?"

Kuvina kunaleka.

"Ine ndikuona ziwiri," anapitiriza, akuwerenga pa zala. "Munthu wotseka injini ya amayi a chipani ndi kabudula wake, kapena ndi wogalukira, kapena ndi chitsiru. Wogalukira timapita naye. Chitsiru timachisiya, poti boma lilibe malo osungira zitsiru zonse. Sankhani nokha, Injiniya."

Sindinaganize kawiri.

"Chitsiru, a tcheyamani."

"Sitikumva. Anthu a kumbuyo akhale mboni."

"Ndine chitsiru."

A tcheyamani anaika dzanja kukhutu, monga ankachitira pa msonkhano anthu akavomera mofooka.

Ndinakwera pa bampala ya lole, kudzaza mpweya m'chifuwa, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, mosangalala ngati munthu wopambana mpikisano: "Ine Wadisoni ndine chitsiru!"

Nthungululu zinamveka mpaka kunyanja, ndipo wotsogolera anali mkazi wanga.

A Saidi anadikira kuti phokoso lichepe. Anabwera pafupi, kundigwira dzanja ndi manja awo awiri, n'kunena mwaulemu wawo wonse:

"Alihamudulilahi, mwana wanga. Wayeza zambiri lero, koma apa pokha ndi pamene wayeza molondola."

Makaniko mnzanga, usanayambe kusaka mdani m'injini ya mwini, yamba wawerenga makabudula ako.